NYANJA ILI NDI NYENGO ZAKE: MWEZI WOYENERA ULENDO WA KU NKHATA BAY

Dziko la Zambia lilibe gombe la nyanja ya mcere, ndipo nyanja zake zazikulu, monga Tanganyika ku Mpulungu, Bangweulu ku Samfya ndi Kariba ku Siavonga, zili kutali kwambiri ndi Cigawo ca Kummawa. Komabe anthu a m'boma la Lundazi ali ndi mwayi umene ambiri sauwerengera. Kuseri kwa mapiri a Viphya, ulendo wa tsiku limodzi pa galimoto, kuli Nyanja ya Malawi, imene m'litali mwake ndi makilomita pafupifupi 580, ndipo pena kuya kwake kumafika mamita 700. Munthu woima pa mcenga woyera wa ku Chintheche masiku ambiri saona tsidya lina; amangoona madzi kufikira pamene akumana ndi thambo.

Malire a Zambia ndi Malawi m'dera lino amatsata msana wa mtunda umene umagawa madzi. Mvula yogwa cakumadzulo kwa msanawo imatsikira mu mtsinje wa Lundazi nikathira mu Luangwa, pamene yogwa cakummawa imatengedwa ndi Rukuru, Dwangwa ndi mitsinje ina kunka nayo ku nyanja. Anthu a mbali ziwirizi ndi amodzi. Citumbuka ca ku Lundazi cimamveka bwino lomwe ku Mzimba ndi ku Mzuzu, maukwati ndi maliro amadutsa malire, ndipo mishoni ya Chasefu ndi mphukira ya Livingstonia, imene inayambira m'mbali mwa nyanja yomweyo. Conco ulendo wa ku nyanja si wa azungu okha kapena anthu acuma a ku Lusaka. Makwaya a m'machalichi, makalabu a amayi, aphunzitsi ndi alimi amene agulitsa bwino mbewu zawo, onse angathe kupitako. Akulu adati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Koma ndalama ya mlimi imabwera kamodzi pa caka, ndipo imabwera ndi thukuta. Amene aitaya pa ulendo wa mwezi wolakwika amakakhala m'cipinda kudikira mvula kuti ikate, kapena kubwerako ndi malungo, napeza munda utalowa chire. Cifukwa cake nkofunika kudziwa kuti nyanja ili ndi nyengo zake monga momwe munda ulili ndi nyengo zake, ndipo ulendo umakoma pokhapo pamene nyengo ziwirizi zagwirizana.

NJIRA YAKE

Kucoka pa boma la Lundazi msewu umaloza kummawa kufika pa cipata ca Lusuntha, cimene mbali ya Malawi cimachedwa Mqocha. Kucokera apo mlendo amakatulukira pa Jenda, pa msewu waukulu wa M1 wocokera ku Lilongwe, nakwera basi yopita ku Mzuzu. Msewu umenewu umakwera mapiri a Viphya ndi kudutsa pa Chikangawa, pamene boma la Malawi linabzala mitengo ya paini pa mahekitala 53,000, ngakhale kuti yambiri inatha ndi moto ndi maceka. Kucoka pa Mzuzu pali makilomita 47 otsetsereka kufika pa doko la Nkhata Bay, ndipo makilomita ena pafupifupi 40 cakummwera kuli Chintheche. Ilipo njira ina yodzera ku Chipata, pa cipata ca Mwami, ku Lilongwe ndi ku Salima kufika pa Senga Bay, koma kwa munthu wa ku Lundazi imeneyo ndi yaitali ndiponso yodya ndalama.

Cinthu coyamba kucidziwa pa njira ya ku Mzuzu ndi kukwera ndi kutsika kwa mtunda. Lundazi ali pa mtunda wa mamita pafupifupi 1,100 pamwamba pa nyanja ya mcere, Chikangawa amapitirira mamita 1,600, pamene madzi a Nyanja ya Malawi ali pa mamita pafupifupi 475 cabe. Ndiye kuti mlendo amanyamuka kwawo atavala malaya wamba, masana afuna jekete pa mapiri, madzulo ali thukuta kamukamu pa gombe. Kusiyana kumeneku ndiko kumacititsa kuti nyengo ya ku nyanja isafanane ndi ya kumudzi, ndipo amene ayesa za ku Nkhata Bay poyang'ana thambo la ku Lundazi amanyengeka.

DZINJA: MUNDA SULOLA, NYANJANSO SILOLA

Kuyambira Disembala kufika Malichi ndi nthawi imene khasu silipuma. Kubzala, kupalira, kuthira fataleza ndi kubandira zonse zili ndi masiku ake, ndipo cimanga cimene casiyidwa m'udzu milungu iwiri yoyambirira sicibwereranso mwakale. Mu Febuluwale nkhokwe zambiri zimakhala zitapepuka, ndipo ndalama imene yatsala m'nyumba ndi ya ufa ndi mankhwala. Pa zifukwa za kumunda zokhazi ulendo wa m'dzinja ndi wosayenera mlimi.

Nayo nyanja m'miyezi imeneyi silandira bwino alendo. Mphepo ya mpoto imabwera ndi mabingu ndi ziphaliwali, mitsinje imathira matope m'madzi a m'mbali, ndipo ng'ona zimayendayenda pafupi ndi mathiriro a mitsinje monga Luweya. Mbali za msewu wa kumalire zimene zili za dothi zimaterera, ndipo milatho ya msewu wa M5 wa m'mbali mwa nyanja imavutika ndi madzi osefukira. Kumapeto kwa Febuluwale 2024 mtsinje wa Dwangwa unasefukira m'boma la Nkhotakota, nudula msewu umenewo ndi kusiya anthu zikwi alibe pogona. Mlendo amene wagwidwa ndi zotere amadya ndalama ya basi yobwerera ali ciimire.

Coopsa cina ndi malungo. Ku gombe nkotentha ndi konyowa, kotero udzudzu umaswana kwambiri kuposa ku mtunda, makamaka kuyambira Januwale kufika Meyi. Mbiri ya mishoni ya Livingstonia ndi umboni wake. Amishoniwo anayamba nchito pa Cape Maclear mu 1875, nasamukira ku Bandawe pafupi ndi Chintheche mu 1881 pothawa malungo, koma nakonso matendawa anawatsata, kufikira Dr Robert Laws anakweza mishoni pamwamba pa phiri ku Khondowe mu 1894. Manda a ena mwa iwo alipobe pa Bandawe wakale. Lero mankhwala alipo, koma mwana wamng'ono kapena mayi wapakati wogona usiku umodzi wopanda neti m'dzinja la ku nyanja ali pa ngozi yeniyeni.

Ambiri amakopeka ndi chuthi ca Khrisimasi ndi Caka Catsopano, pakuti ana ali pa nyumba. Nthawi imeneyo nayonso anthu a ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amakhamukira ku gombe, zipinda zogona zimadzaza ndi kukwera mtengo, ndipo mowa ndi madzi akuya zikakumana pamakhala maliro. Cimodzi cokha cimene dzinja limaonetsa bwino ndi nkhungu, tizilombo touluka timene timatuluka m'madzi akuya mwezi ukakhala mumdima, nitikwera kumwamba ngati utsi wa moto wa chire pakati pa nyanja. Anthu a m'mbali mwa nyanja amatikola ndi madengu ndi kutiumba zitumbuwa za ndiwo. Nzodabwitsa ndithu, koma si zosiyira munda.

MASIKA: KUMUDZI KWAUMA, KU NYANJA IKUGWABE

Mu Epulo mvula ku Lundazi imakhala itakata, thambo layera, ndipo ana ali pa chuthi ca temu yoyamba. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Ku Nkhata Bay miyezi ya mvula yambiri ndi Malichi ndi Epulo, ndipo imapitirira kugwa mpaka mu Meyi. Cifukwa cake ncakuti mphepo yocokera kummwera cakummawa imadutsa pamwamba pa nyanja yofunda nitola cinyezi, ndipo ikagunda mapiri a Viphya imakwera, nizizira, nigwetsa madziwo pa gombe ndi m'matsitso. Pa caka dera limeneli limalandira mvula yopitirira mamilimita 1,500, pafupifupi kuwirikiza kawiri ya ku Lundazi. Ndiyo mvula imene imameretsa tiyi wa ku Kawalazi, mitengo ya labala ya ku Vizara, nthoci ndi cinangwa, koma kwa mlendo wa masiku atatu ndi mvula yomutsekera m'nyumba.

M'miyezi yomweyi madzi a nyanja amafika pacimake. Mitsinje yambiri imathira m'nyanjayi, koma wotulutsa madzi ndi umodzi wokha, Shire, kotero madzi amakwera pang'onopang'ono dzinja lonse, nafika pamwamba mu Epulo kapena Meyi, nayamba kutsika kufikira Novembala kapena Disembala. Madzi akakwera mcenga umacepa. Mu 2024 nyanja inakwera kuposa zaka zambiri za m'mbuyo, nimiza magombe ndi nyumba zogona alendo ku Mangochi, ku Salima ndi m'malo ena, kotero kuti pamene alendo ankakhala pa mcenga panali poyenda mabwato.

Kumudzi nako masika si nthawi yocoka. Nshawa zifuna kukumba ndi kuyanika, soya akacedwa kuzula amathetheka m'munda, cimanga cifuna kusanja ndi kututa ciswe ndi mbava zisanacipeze, ndipo thonje limayamba kuyera. Ndalama nayonso imakhala isanalowe. Amene apita ku nyanja mu Epulo kapena Meyi amapita ndi ngongole, kapena atagulitsa mbewu yaiwisi kwa ogula a sikelo za m'mbali mwa msewu pa mtengo wolira nawo.

CISANU NDI MWERA

Juni ndi Julayi ndi miyezi youma, udzudzu umacepa, ndipo misewu imayendeka. Poyerekeza ndi dzinja ndi nthawi yabwino, koma ili ndi mwini wake, ndiye mwera. Imeneyi ndi mphepo yamphamvu yocokera kummwera cakummawa, imene imayamba mu Meyi, nikula mu Juni ndi Julayi, niyamba kufooka kumapeto kwa Ogasiti. Popeza nyanja inagona kucoka kummwera kunka kumpoto, mwera umayenda m'litali mwake monse popanda phiri loutsekereza, ndipo mafunde amanka nakula pamene akupita kumpoto. Umaomba masiku angapo osaleka, nupuma pang'ono, nuyambanso.

Asodzi a Citonga amaudziwa ndi kuuopa. Mwera ukauka amakokera mabwato awo pa mtunda, nsomba zimasowa pa msika, ndipo zocepa zimene zapezeka zimadula. Ngozi yaikulu koposa m'mbiri ya nyanjayi inacitika m'nyengo imeneyi. Pa 30 Julayi 1946 sitima yatsopano yochedwa Vipya inagubuduzika ndi mafunde pafupi ndi Florence Bay, pamene lero pamachedwa Chitimba, ndipo anthu 145 anamira. Munthu wa ku mtunda, amene madzi aakulu amene awadziwa ndi damu la pa Lundazi Castle, asayese kukwera bwato tsiku limene eni nyanja akhala pansi kusoka maukonde.

Pa njira napo cisanu cimavuta. Ku Chikangawa ndi ku Mzuzu kumazizira koopsa mu Juni ndi Julayi, ndipo cifunga cimaphimba msewu m'mamawa ndi madzulo, pamene magalimoto a matabwa akuyenda m'makhotolo. Kumudzi thonje likali kutoledwa, cimanga cikutonoledwa ndi kuthiridwa mankhwala, ndipo misika ya mbewu yangotsegulidwa kumene. Mlimi wanzeru sacoka matumba ake asanakwere sikelo ndi ndalama isanafike m'manja.

NTHAWI YENIYENI

Kuyambira mlungu wacitatu wa Ogasiti kufika kumapeto kwa Seputembala ndi pamene munda ndi nyanja zimagwirizana. Kumudzi cimanga cili m'nkhokwe, thonje, soya ndi nshawa zagulitsidwa, ndipo nchito yosatira mvula sinafike pothina. Ku nyanja mwera ukunka nufooka, thambo ndi loyera, mvula kulibe, ndipo kutentha nkwabwino: masana munthu afuna mthunzi, usiku agona ndi nsalu imodzi. Mitsinje yaleka kuthira matope, kotero madzi amayera mpaka munthu woima pa thanthwe pa Nkhata Bay amaona tinsomba ta mbuna ta mawanga a buluu ndi acikasu tikusewera pansi. Madzi atsika, mcenga wa ku Chintheche, ku Kande ndi ku Chikale watambasuka, ndipo udzudzu uli pa kucepa kwake kwa caka conse.

Pakati pa masiku amenewa pali kusankha kuwiri. Banja lopita ndi ana a sukulu liyenera kugwiritsa nchito milungu iwiri yomaliza ya chuthi ca Ogasiti, podziwa kuti mwera ungathe kubweranso tsiku lina lililonse. Tsiku lotero ndi losewera pa mcenga ndi kuyendera malo a pa mtunda, osati lokwera bwato. Ofuna kukakhala nawo pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika, umene umacitika Loweruka lomaliza la Ogasiti, ayenera kuwerengera bwino masiku kuti maulendo awiriwa asaombane. Koma akuluakulu opita okha, monga kwaya, kalabu ya amayi kapena a kopaletivu, acita bwino kudikira Seputembala. Pamenepo sukulu za maiko onse awiri zatsegulidwa, gombe lapepukidwa, ndipo mwini nyumba ya alendo amamva munthu akapempha kutsitsa mtengo wa cipinda.

Ndiyonso nthawi ya nsomba. Mwera ukagona asodzi amabwerera pa madzi, ndipo usiku nyali za mabwato a usipa zimandandalika pa nyanja ngati mudzi woyandama. Usipa umatsata kuwala kwa nyali, cifukwa cake umagwidwa wambiri mwezi ukakhala mumdima, ndipo umacepa mwezi ukawala. Mayi amene afuna kubwerako ndi ndiwo za banja ayang'ane mwezi asananyamuke. Dzuwa la Seputembala limaumitsa usipa pa mathandala bwino lomwe, pamene wa m'dzinja umauma movutika nuwawa. Pa Nkhata Bay mlendo alawenso batala, kampango ndi ncheni, adye ndi kondowole, nsima ya cinangwa imene Atonga amanyadira nayo. Wozolowera nsima ya cimanga ayambe ndi mbamu yaing'ono, pakuti kondowole ndi wolemera m'mimba.

Malo oona ndi ambiri, ndipo onse amafikika bwino m'cilimwe. Pa doko la Nkhata Bay pali cikumbutso ca anthu amene anaomberedwa ndi asilikali a boma la atsamunda pa 3 Malichi 1959, pamene anasonkhana kukaniza kuti atsogoleri awo omangidwa asatengedwe pa sitima ya Mpasa. Inali nkhondo yomweyo yokana Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland imene makolo a m'Zambia anamenya nawo. Pa doko lomwelo pamaima Ilala, sitima imene yakhala ikunyamula anthu ndi katundu pa nyanjayi kuyambira 1951. Amene ali ndi masiku okwanira angathe kuwoloka kupita ku cilumba ca Likoma kukaona chalichi cacikulu ca St Peter's, cimene Aangilikani anayamba kumanga mu 1903, koma ayambe afunsa pa doko za masiku a sitima, pakuti amasintha. Pa msewu wa ku Chintheche, podutsa m'munda wa Vizara, anyamata amagulitsa mipira youmbidwa ndi labala wa m'mitengo, mphatso imene mwana wotsala kumudzi saiiwala.

OKUTOBALA NDI NOVEMBALA

Okutobala ndi mwezi umene nyanja imadekha koposa, ndipo madzi ake amafunda. Koma ku gombe dzuwa limaswa mtengo. Kutentha kumapitirira madigiri 30 masiku ambiri, mcenga umaocha mapazi, ndipo usiku m'cipinda ca malata tulo sitibwera. Okalamba, makanda ndi odwala mtima amavutika nako. Pa 15 Okutobala dziko la Malawi limakumbukira Tsiku la Anakubala, ndipo ndi mwambo wa mabanja ambiri kutengera amayi awo ku nyanja, kotero mabasi ndi zipinda zimadzaza. Amene asankha mwezi umenewu apite m'masiku khumi oyambirira.

Kupitirira apo kumudzi kumayamba kuitana. Ana a Giredi 7 ndi Giredi 12 ali pa mayeso ndipo afuna makolo pafupi. Minda ifuna kusosa ndi kukonza mizere kapena maenje, mbewu ndi fataleza zifuna kukatengedwa, ndipo mvula yoyamba ingagwe tsiku lililonse mu Novembala. Ku nyanja nako m'miyezi ya Novembala ndi Disembala boma la Malawi limatseka usodzi wa makoka kuti cambo ciswane, monga momwe boma la Zambia limatsekera usodzi m'mitsinje ndi m'nyanja zambiri kuyambira Disembala kufika kumapeto kwa Febuluwale. Mlendo wogula cambo cogwidwa mozemba nthawi imeneyo akuthandiza kupha ndiwo za mawa.

ZOKONZEKERA

Mwezi wabwino suthandiza munthu wosakonzeka. Coyamba ndi ndalama. Ya ulendo ikhale yotsala pambuyo popatula ya fataleza ndi mbewu, ya zofunika za ana ku sukulu ndi ya matenda, ndipo cimanga ca cakudya ca banja cisagulitsidwe cifukwa ca nyanja. Anthu a m'cilimba kapena m'banki ya m'mudzi angayambe kusonkha mu Juni, nabwereka basi yaing'ono imodzi onse pamodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga. Maiko onse awiri ndalama yawo imachedwa Kwacha, koma mphamvu zake nzosiyana, ndipo ya Malawi inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Nkwabwino kufunsa mtengo wa tsikulo ku banki ndi kusinthira pa malo ovomerezeka, kusiyana ndi kukhulupirira wosintha wa pansi pa mtengo amene amawerenga mofulumira.

Caciwiri ndi ziphaso. Mzika ya Zambia siifuna viza polowa m'Malawi, koma ifuna pasipoti kapena ciphaso cina ca ulendo covomerezeka. Ciphaso ca pamalire cimene anthu amagwiritsa nchito pokaona abale m'midzi yapafupi cili ndi malire a mtunda ndi masiku, conco wopita ku nyanja ayambe wafika ku ofesi ya zolowa ndi zotuluka m'dziko pa boma la Lundazi kukafunsa, pamodzi ndi za makalata a ana. Njira za m'chire zimene anthu amadzera popita ku maliro si za ulendo wotere, pakuti pa M1 pali zipata za apolisi zofunsa ziphaso. Safunsa anadya phula.

Cacitatu ndi umoyo. Neti ya udzudzu ilowe m'cikwama ngakhale m'cilimwe, ndipo aliyense amene atentha thupi atabwerako athamangire ku cipatala kukapimitsa magazi. Likodzo limakhala m'nkhono za m'madzi odekha a m'mabango ndi pafupi ndi madoko a midzi, kotero posamba pafunika kusankha mcenga woyera pamene mafunde amamenya, ndipo wosamba m'nyanja akafotokoze ku cipatala pakapita miyezi iwiri kuti apimidwe ndi kulandira mankhwala ngati afunika. Madzi a m'nyanja, ngakhale aoneke oyera motani, asamwedwe osaphitsa kapena osathira klorini. Mliri wa kolera umene unayamba m'Malawi mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700, ndipo ku Nkhata Bay unafika m'cilimwe cimene. Kusamba m'manja kulibe nyengo.

Cacinayi ndi ulemu kwa madzi. Anthu ambiri a ku mtunda sadziwa kusambira, ndipo pa Nkhata Bay pansi pamatsetsereka msanga, kotero munthu amene madzi anali m'mawondo angapezeke atamira mutu atangoyenda mapazi ocepa. Ana asalowe m'madzi popanda wamkulu woima pafupi, woledzera asayandikire, ndipo wokwera bwato la injini aumirire kupatsidwa jekete loyandamitsa ndi kukana bwato lodzaza mopitirira. Mawu a msodzi wa pamalopo onena za mphepo ndi ng'ona ndi lamulo.

Cotsiriza ndi mudzi wotsala. Ogasiti ndi Seputembala ndi miyezi ya moto wa chire ndi mphepo. Asananyamuke mwini nyumba alambule kuzungulira nkhokwe ndi khola, asiye munthu wamkulu wodalirika woyang'anira ng'ombe ndi dimba, ndipo adziwitse a nyakwawa kuti banja lacoka masiku angati.

NYANJA YA MCERE

Alipo ena amene mtima wawo uli pa nyanja ya mcere yeniyeni. Kwa iwo njira yodziwika ndi ya ku Dar es Salaam, kumene njanji ya TAZARA, yomalizidwa mu 1975, imafika itayenda makilomita 1,860 kucokera ku Kapiri Mposhi, kapena ya ku magombe a Mozambique monga Beira ndi Nacala. Ulendo umenewo ndi wautali ndi wodula, koma lamulo la miyezi silisintha kwenikweni. Ku Dar es Salaam mvula yaikulu imagwa kuyambira Malichi kufika Meyi, ndipo nyengo youma ndi yozizirira bwino ndi ya Juni kufika Okutobala. Ku Mozambique miyezi ya Novembala kufika Epulo ndi ya anamondwe a pa nyanja, monga Idai amene anasakaza mzinda wa Beira mu Malichi 2019. Kumenekonso Ogasiti ndi Seputembala ndiyo miyezi ya mlendo.

Tsono banja la ku Mwase, ku Mphamba, ku Kapichila kapena kwa Magodi limene lakhala likulakalaka kuona madzi opanda tsidya lisathamangire Khrisimasi kapena Pasaka cifukwa coona ena akupita. Lilime, likolole, ligulitse, lipatule za caka ca mawa, ndipo mwera ukayamba kugona kumapeto kwa Ogasiti linyamuke. Masiku anayi kapena asanu ndi okwanira: limodzi lopita, awiri kapena atatu a pa gombe, limodzi lobwerera. Lidzafika kumudzi ndi thumba la usipa ndi nkhani zosimba pa moto, nthawi yonola makasu ikalipo.